Zoyenera Kuchita Ambulansi Isanafike Pamalo a Ngozi Yapamsewu

Ngozi yaikulu ikachitika pamsewu wa M1, kaya ndi pamtsetse wa Chiweta, m'makona a ku Chikangawa kapena pamlatho wa Linthipe, oyamba kufika pamalopo sakhala madokotala kapena apolisi, koma alimi omwe anali m'minda yapafupi, amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, anyamata a kabaza ndiponso apaulendo omwe galimoto yawo imabwera pambuyo. Anthu amenewa ndiwo amakhala ndi ovulala pa mphindi zimene moyo umapulumuka kapena kutayika, chifukwa ubongo wa munthu amene wasiya kupuma umayamba kuonongeka pakangotha mphindi 4 mpaka 6, ndipo munthu amene waduka mtsempha waukulu wa pantchafu akhoza kutha magazi ambulansi isananyamuke n'komwe kuchipatala.

Lipoti la mu 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa chaka chilichonse pangozi zapamsewu, kuti ngozizi ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiponso kuti poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfa zoterezi n'zochuluka m'chigawo cha Africa kuposa m'chigawo china chilichonse. M'mayiko osauka ambiri mwa anthuwa amafa asanafike kuchipatala, ndipo ena mwa iwo amaphedwa ndi zinthu zimene manja a munthu wamba akanatha kuletsa, monga lilime lotseka njira ya mpweya kapena bala losapanikizidwa. Pamalo a ngozi ku Malawi sipasowa anthu amtima wothandiza. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi dongosolo, ndipo changu chopanda dongosolo, chija chokoka anthu m'galimoto ndi kuwaunjika kumbuyo kwa matola, chimaonjezera kuvulala m'malo mochepetsa.

Ntchito yoyamba ndiyo kuteteza malowo kuti pasachitike ngozi yachiwiri, ndipo imeneyi ichitike munthu asanakhudze wovulala aliyense. Dalaivala amene waima kuti athandize aimike galimoto yake kunja kwa msewu, patali pang'ono ndi pomwe pachitikira ngozi, ayatse magetsi a hazadi ndi kusiya mpata woti ambulansi idzaime. Mathirayango, zizindikiro zofiira zamakona atatu zija zimene galimoto iliyonse imayenera kuyenda nazo, aikidwe kutsogolo ndi kumbuyo pamtunda wosachepera mamita 50, ndipo ngati ngozi yachitikira pakona kapena kuseri kwa chitunda, chizindikiro chiikidwe kona isanayambe, pakuti galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo lole yodzaza katundu imafuna mtunda wautali kuti iime. Nthambi zamasamba zimene madalaivala amayala pamsewu zimathandiza masana, koma usiku sizioneka, choncho pamafunika anthu awiri okhala ndi matochi kapena nsalu zowala, wina mbali iyi wina mbali inayo, ataima kunja kwa phula.

Magalimoto omwe achita ngozi azimitsidwe injini, akokedwe handibuleki ndi kuikidwa miyala kumatayala, makamaka pamtsetse. Pomwe pakumveka fungo la petulo pasayatsidwe fodya, machesi kapena nyali, ndipo mafuta otayika akwiriridwe ndi dothi kapena mchenga. Ngati imodzi mwa galimotozo ndi thanki ya mafuta, gulu lonse libwezedwe kutali ndipo asapezeke wobwera ndi chigubu. Pa 17 Novembala 2016, m'mudzi wa Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki yomwe inanyamula petulo wobwera ku Malawi inaphulika anthu ataizungulira kuti atunge mafuta, ndipo oposa 70 anafa. Galimoto ikagunda mtengo wa magetsi mawaya n'kugwera pamwamba pake, omwe ali mkati akhale momwemo ngati palibe moto, ndipo omwe ali kunja aime patali mamita osachepera 10 mpaka a ESCOM atazimitsa magetsi.

Pagulu lalikulu aliyense amaganiza kuti mnzake waimba kale foni, ndipo mwanjira imeneyi theka la ola limatha popanda woitana thandizo. N'chifukwa chake pamafunika munthu mmodzi wotsogolera, amene safuula kuti wina aimbe foni, koma amaloza munthu ndi kumupatsa ntchito yake: "Bambo a malaya ofiira, imbani kupolisi, mayi, inu gwirani mutu wa mwanayu ndipo musausiye." Apolisi amapezeka pa 997, ndipo pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa nambala ya 118 yoitanira ambulansi, komabe n'kwanzeru kuti aliyense woyenda kawirikawiri pamsewu wina asunge m'foni nambala za polisi ndi chipatala cha boma za m'dera limenelo. Woimba foni atchule malo ndi zizindikiro zodziwika, monga dzina la msika, sukulu kapena mlatho, anene mtundu wa magalimoto, chiwerengero cha ovulala, ngati alipo opanikizika mkati ndiponso ngati pali moto kapena mafuta otayika. Chipatala chikadziwa msanga kuti basi yodzaza yagubuduka chimaitana anamwino omwe anaweruka ndi kukonzekera magazi ovulala asanafike.

Ovulala akachuluka kuposa othandiza pamafunika kuwaika m'magulu molingana ndi kukula kwa vuto lawo, ntchito imene azachipatala amaitcha triage. Njira yapafupi ndiyo kuitana mokweza kuti onse amene angathe kuyenda apite pamalo amodzi, mwina pansi pa mtengo, pakuti amenewo angathe kudikira. Mwa otsalawo, amene akulira ndi kukuwa amakopa maso ndi chifundo cha gulu, koma kukuwako ndi umboni woti njira yawo ya mpweya ndi yotsegula ndipo magazi akufikabe ku ubongo. Woyenera kuthamangiridwa ndi uja wangoti zii pampando wake mutu utagwera pachifuwa, uja akupuma moliza mkonono, ndi uja magazi akutuluka motumphuka. Pa nthawi yomweyo atumidwe anthu ofufuza m'udzu, m'ngalande ndi pansi pa galimoto, chifukwa okwera kumbuyo kwa lole amaponyedwa kutali, ndipo khanda lomwe linali pamiyendo pa mayi ake likhoza kupezeka m'thengo mamita angapo kuchokera pamsewu. Kondakitala ngati ali maso afunsidwe chiwerengero cha anthu omwe anakwera. Wothandiza aliyense avale magolovesi, ndipo ngati palibe, majumbo osabooka ovalidwa m'manja amateteza ku HIV ndi kachilombo ka matenda a chiwindi kotchedwa hepatitis B.

Kwa munthu wokomoka, choyamba kuona ndi kupuma. Wothandiza amuitane ndi kumugwira paphewa osamugwedeza, kenako aike tsaya lake pafupi ndi mphuno ya wovulalayo uku akuyang'ana chifuwa kwa masekondi 10. Munthu akakomoka minofu yake imalefuka ndipo lilime limagwera kumbuyo n'kutseka kummero, choncho ambiri amafa mapapo ndi mtima zili bwinobwino. Popeza khosi likhoza kukhala lothyoka, njira ya mpweya imatsegulidwa popanda kupinda mutu chammbuyo: wothandiza agwade kumutu kwa wovulala, aike zala kuseri kwa nsagwada, pansi pa makutu, ndi kuzikankhira kutsogolo mpaka mano apansi atapitirira apamwamba, ndipo lilime limasuntha limodzi ndi nsagwadazo. Magazi oundana, mano othyoka ndi masanzi zimene zikuoneka m'kamwa zichotsedwe ndi chala chokulungidwa nsalu. Amene wakomoka ali pampando adzutsidwe mutu pang'onopang'ono ndi manja awiri mpaka utalunjika ndi thupi, ndipo ugwiridwe chomwecho kufikira thandizo litafika. Amene ali pansi ndipo akusanza atembenuzidwe chammbali ndi anthu atatu kapena anayi nthawi imodzi, wina atagwira mutu, kuti mutu, khosi ndi msana zitembenukire limodzi ngati chipika. Pakakhala kusankha pakati pa kuteteza khosi ndi kutsegula njira ya mpweya, mpweya ndiwo uyambe.

Ngati munthu sakupuma ngakhale njira ya mpweya yatsegulidwa, agonekedwe chagada pamalo olimba ndi kupsinjidwa pakati pa chifuwa ndi manja awiri osanjikiza, mozama masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, ndipo wophunzitsidwa amuuzire mpweya kawiri pakatha maulendo 30 alionse. Pangozi yapamsewu njirayi siipulumutsa ambiri, chifukwa mtima umakhala utaima kaamba ka kutha kwa magazi, choncho othandiza akachepa asasiye munthu amene akutaya magazi koma akupuma n'cholinga chokapsinja chifuwa cha amene wasiya kale kupuma.

Magazi ndiwo gawo limene munthu wamba angapulumutsepo anthu ambiri, ndipo otuluka motumphuka amaletsedwa pompo, ngakhale wothandiza wina akadaonabe za kupuma. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo kutaya malita 2 n'kokwanira kumupha. Zovala zing'ambidwe kuti bala lioneke, kenako nsalu yoyera yopindidwa iikidwe pabalapo ndi kupanikizidwa ndi mphamvu zonse za thupi kwa mphindi zosachepera 10, osaitukula kuti aone ngati magazi asiya, pakuti kutukula kumachotsa magazi omwe anayamba kuundana. Bala lakuya la m'mphechepeche, m'khwapa kapena paphewa lilongedwe nsalu mkati mpaka litadzaza, kenako lipanikizidwe pamwamba. Dothi, fodya, masamba otafuna ndi mafuta a buleki, zimene ena amathira pabala, siziletsa magazi ndipo zimabweretsa kafumbata ndi mafinya.

Mkono kapena mwendo ukaduka, kapena magazi akakana kusiya ngakhale bala lapanikizidwa, pamafunika chomangira chotseka mitsempha chimene azachipatala amachitcha tourniquet. Chitenje chipindidwe mpaka chitakhala chotambalala ngati zala zinayi, chizungulizidwe kawiri masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, posakhala pabondo kapena pachigongono, ndi kumangidwa mfundo. Pamfundopo paikidwe sipanala kapena kamtengo kolimba, pamangidwenso mfundo yachiwiri, ndipo sipanalayo ipotozedwe mpaka magazi atasiyiratu, kenako imangiriridwe kumwendo kuti isabwerere. Wovulala amalira kwambiri chomangirachi chikamakhwima, ndipo apa m'pomwe othandiza ambiri amachita chisoni n'kumasula, komatu chomangira chosakhwima chimatseka mitsempha yobweza magazi yokha n'kusiya yobweretsa, motero magazi amatuluka kuposa poyamba. Chikamangidwa sichimasulidwanso mpaka kuchipatala, ndipo nthawi imene chamangidwira ilembedwe pamphumi kapena pamkono pa wovulala. Waya, chingwe cha nsapato ndi linya zimacheka mnofu, choncho zisagwiritsidwe ntchito.

Pali magazi ena osaoneka, otayikira m'mimba pamene chiwindi kapena kapamba wang'ambika, m'chiuno mafupa akathyoka, kapena m'ntchafu, momwe fupa limodzi lothyoka likhoza kubisa magazi opitirira lita imodzi. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, kutuwa kwa zikhatho ndi mkati mwa milomo, mtima wogunda mothamanga koma mofooka, kupuma mwaphuma, kusokonezeka mutu ndi ludzu lalikulu. Munthu wotere amapempha madzi mochonderera, ndipo n'kovuta kumukaniza, koma asapatsidwe madzi, chakumwa chozizira kapena chakudya, chifukwa akhoza kusanza n'kutsamwa, ndiponso opareshoni imafuna m'mimba mopanda kanthu. Kumunyowetsa milomo ndi nsalu n'kokwanira. Amene akumva ululu m'chiuno amangidwe chitenje mothina kuzungulira pomwe ntchafu zimalumikizana ndi chiuno, mawondo ndi akakolo zitamangidwa pamodzi. Onse agonekedwe pamphasa kapena pazovala ndi kufunditsidwa, ndipo asathiridwe madzi kuti atsitsimuke monga ambiri amachitira, pakuti thupi likazizira magazi amalephera kuundana. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Dedza kapena ku Chikangawa, bulangete ndi lofunika mofanana ndi bandeji.

Nkhani yotulutsa anthu m'galimoto ndiyo imene gulu limalakwitsa kwambiri. Mkati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi lonse, ndipo fupa lothyoka likasuntha n'kuudula, munthu amafa ziwalo moyo wake wonse ngakhale kuti ngozi yeniyeniyo inamusiya akutha kusuntha miyendo. Wovulala amene ali maso, akumva zimene akuuzidwa ndipo angathe kuima, aloledwe kutuluka yekha pang'onopang'ono, chifukwa thupi lake limadziteteza bwino kuposa manja a anthu omukoka. Amene akumva ululu m'khosi kapena pamsana, dzanzi m'manja ndi m'miyendo, kapena amene wakomoka koma akupuma bwino, asiyidwe pomwe ali mutu utagwiridwa, pokhapokha ngati pali moto, madzi akulowa m'galimoto, kapena kupuma ndi magazi sizingathe kusamalidwa ali mkatimo. Zikatero amatulutsidwa ndi anthu angapo molunjika, wogwira mutu ndiye akuwerenga kuti onse anyamule nthawi imodzi, ndi kumugoneka pathabwa kapena pachitseko. Kunyamula munthu wina kumikono wina kumiyendo, msana uli lende pakati, n'koopsa kuposa kumusiya pansi.

Wa kabaza kapena wokwezedwa amene wavala helimeti asavulidwe ngati akupuma bwino, koma galasi lakutsogolo litsegulidwe ndi kumasula lamba wa pachibwano. Ngati akusanza kapena sakupuma, helimeti imavulidwa ndi anthu awiri, wina atagwira khosi ndi nsagwada kuchokera pansi, wina akuikoka pang'onopang'ono molunjika. Munthu wopanikizidwa ndi zitsulo amafuna ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda, omwe amaphunzira ntchito yodula ndi kutambasula zitsulo, ndipo pomwe iwo ali kutali galimoto ichirikizidwe kaye ndi miyala ndi zipika, jeke iikidwe pamalo olimba, ndipo chipika chilowetsedwe pansi nthawi iliyonse galimoto ikakwera pang'ono. Kukoka galimoto ndi chingwe chomangirira ku lole ina munthu ali mkati kumang'amba thupi limene anthu akufuna kupulumutsa.

Zotsalazo n'zosavuta kukumbukira. Fupa lothyoka lisawongoledwe, koma limangiriridwe kukamtengo kapena kumwendo wabwino monga momwe liliri. Chitsulo kapena galasi lobaya m'thupi lisazulidwe, pakuti ndilo likutseka mtsempha, koma lichirikizidwe ndi nsalu mbali zonse. Bala la pachifuwa lotulutsa thovu lisamatidwe ndi pulasitiki mbali zonse, chifukwa mpweya wotsekeredwa mkati umapanikiza mapapo. Wopsa athiridwe madzi oyera pamalo opsawo kwa mphindi 20, mbali zina za thupi zitafunditsidwa, ndipo mazira, mankhwala otsukira mano ndi mafuta ophikira zisapakidwe.

M'madera ambiri ambulansi imachedwa kapena siifika, ndipo ovulala amanyamulidwa pagalimoto za anthu odutsa. Oyamba kunyamulidwa akhale ovutika kupuma ndi otaya magazi, ngakhale kuti oyenda okha ndiwo amathamangira kukwera. Pikapu kapena minibasi yochotsedwa mipando ndi yabwino kuposa galimoto yaing'ono, chifukwa wovulala amagona mowongoka pamatiresi, wothandiza atakhala kumutu kwake ndi kupitiriza kupanikiza bala, ndipo dalaivala ayendetse mosamala popeza liwiro la pamsewu wamaenje limagwedeza mafupa othyoka. Wovulala kwambiri amafuna chipatala chokhala ndi fiyeta ndi magazi, chomwe nthawi zambiri ndi chipatala cha boma cha m'bomalo kapena chachikulu cha mishoni, ndipo kumeneko n'komwe amatumiza odwala ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Chikalata cha kupolisi chikhoza kutsatira pambuyo, ndipo munthu wotaya magazi asadutsitsidwe kupolisi poyamba. Nthawi ili ndi phindu lodziwika: kafukufuku wa CRASH-2, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2010 atakhudza ovulala oposa 20,000 m'mayiko 40, anasonyeza kuti mankhwala a tranexamic acid amachepetsa imfa za otaya magazi, ndipo kuunika kotsatira kunaonetsa kuti amathandiza akaperekedwa maola 3 asanathe. Choncho woperekeza auze anamwino nthawi imene ngozi inachitika, ngati wovulala anakomokapo, ndi nthawi imene chomangira chinamangidwa. Ana, amayi oyembekezera ndi onse omwe anagunda mutu apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa magazi otayikira m'chigaza amadzaonekera patapita maola, munthu akayamba kusanza ndi kuodzera.

Omwalira afunditsidwe ndi kusiyidwa pomwe ali mpaka apolisi atafika, ndipo katundu wa apaulendo asonkhanitsidwe pamodzi ndi kulonderedwa ndi mfumu kapena akuluakulu a m'deralo. Kujambula ovulala ndi mitembo n'kuitumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook ndi nkhanza, pakuti mayi amadziwira pafoni za imfa ya mwana wake wachibale asanafike kudzamuuza mwaulemu monga mwa mwambo. Kumenya dalaivala nako n'kuphwanya lamulo, ndipo mantha a chipwirikiti chotere ndiwo amathawitsa madalaivala omwe akanatha kunyamula ovulala. Dalaivala atetezedwe ndi kuperekedwa m'manja mwa apolisi.

Luso lonseli limakhazikika m'manja munthu akaliyeserera, ndipo mabungwe a Malawi Red Cross Society ndi St John amaphunzitsa chithandizo choyamba. Magulu a madalaivala a minibasi, a kabaza ndi makomiti a m'midzi ya m'mbali mwa misewu ikuluikulu ndiwo oyenera kuyamba kupempha maphunzirowa, popeza ndiwo amafika pangozi ena onse asanafike, ndipo athanzi azipereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service ngozi isanachitike, chifukwa magazi amafunika kuyezedwa kaye asanaikidwe mwa munthu. Eni magalimoto onyamula anthu aonetsetse kuti galimoto iliyonse ili ndi magolovesi, mabandeji, sizasi, tochi ndi zitenje ziwiri zoyera, zomwe zonse zimakwana pansi pa mpando wa dalaivala.